Dothi Lonyowa pa Miyendo ya Guwa

Mu 1773, Jean-Henri Eberts wa ku Paris adalengeza m'nyuzipepala kuti wapanga chipangizo chatsopano cha m'nyumba: mbale yakuya yokhala pa miyendo itatu yaitali. Adachitcha athénienne, potengera chithunzi cha Joseph-Marie Vien chosonyeza namwali wa ku Athens akufukiza lubani. Wogula, malinga ndi Eberts, akadatha kusambiramo m'manja, kufukiziramo zonunkhira, kufunditsirapo chakudya kapena kuikamo maluwa. Pa ntchito zonsezi ya maluwa ndiyo idali yovuta, ndipo ine ndimaona kuti choikamo maluwa, chomwe Afalansa amati jardinière, ndicho chimaulula msanga ngati mmisiri wa nthawiyo adamvetsa zomwe ankatengera kwa Agiriki ndi Aroma kapena ankangokopera zithunzi.

Kapangidwe ka mizere yowongoka kadabwera anthu atatopa ndi rococo, momwe mwendo uliwonse wa tebulo unkapindika ndipo ngodya iliyonse inkaphukira zigoba ndi masamba osema. Kukumba mabwinja a Herculaneum kudayamba mu 1738, a Pompeii mu 1748, ndipo zinthu zamkuwa zomwe phiri la Vesuvius lidakwirira m'chaka cha 79 zidayamba kuoneka m'mabuku a zithunzi. Mu 1754 Charles-Nicolas Cochin, atabwerako ku Italy, adalemba m'magazini ya Mercure de France kudandaulira osula ndi osema kuti aleke kukhotetsa zinthu zoyenera kuwongoka. Mipando yoyamba yomvera dandauloli idali yolemera mopitiriza. Tebulo lolembera la Lalive de Jully, lomwe lili ku Chantilly lero, ndi lakuda bii, lamiyendo ngati nsanamira za kachisi. M'nthawi ya Louis XVI ndi pamene amisiri adapeza muyeso.

Tsono taonani vuto lake. Choikapo cha miyendo itatu cha Aroma chidapangidwira makala ndi lubani. Moto ndi wopepuka, ndi wouma, ndipo mkuwa suuopa. Afalansa adachotsamo moto n'kuikamo dothi lonyowa, lolemera, pamwamba pa miyendo yamatabwa yopyola kumunsi. Miyendo itatu siigwedera ngakhale pansi patakhala pokumbika, monga mafuwa sagwedeza mphika, koma katundu akakhala m'mwamba chinthu chonse chimafuna kupendekeka. N'chifukwa chake diso la wodziwa limayamba kuyang'ana pansi, pa mitanda yolumikiza miyendo. Kwa mmisiri Adam Weisweiler mitandayi imalukana ngati chokongoletsa chabe, pomwe ndiyo ikugwira miyendo kuti isatambasuke. Mmisiri wosakhwima ankanenepetsa miyendo kuti ilimbe, ndipo chinthucho chinkaoneka cholemera. Wina ankaiondetsa n'kuiwala mitanda, ndipo lero zipangizo zotere timazipeza zitamangidwa ndi zitsulo za okonza.

Mdani wachiwiri ndi madzi. Thupi la chipangizo nthawi zambiri lidali la mtengo wa oak, ndipo pamwamba pake ankamatapo timatabwa topyapyala ta mitengo yodula monga mahogany, wachibale wa mbawa, womwe wambiri unkachokera ku Saint-Domingue, Haiti ya lero, kumene ankaugwetsa akapolo ochokera ku Africa. Guluu wake adali wophikidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, ndipo guluu wotere akamva chinyezi amafewa, timatabwa tija n'kuyamba kutukuka. Motero luso lenileni lili pa chinthu chomwe mlendo m'chipinda sachiona: beseni lachitsulo lolowa m'kati, la mtovu, mkuwa kapena chitini, kenako la zinki, lokhala ndi zogwirira kuti wantchito alinyamule kukathirira kunja. Kampanda kakang'ono kamkuwa koboolaboola kozungulira pakamwa sikadaikidwe pongofuna kukongoletsa; kamabisa mlomo wa beseni. Beseni lilibe pothawira madzi, choncho mbewu sizinkakhalitsamo. Zinkabwera zitachita maluwa, zikafota n'kusinthidwa. Pa mfundo iyi oumba adawaposa amisiri a matabwa: fakitale ya Vincennes, yomwe idasamukira ku Sèvres mu 1756, idali itayamba kale kuumba vase hollandais, mphika wa zigawo ziwiri, chapamwamba chobooka kunsi chosunga dothi, chapansi chosunga madzi.

Chipangizo chimodzi chinkadutsa m'manja mwa anthu ambiri, popeza malamulo a mabungwe a amisiri, omwe adathetsedwa mu 1791, sankalola wa matabwa kuyenga mkuwa. Wina ankayenga, wina ankagoba ndi timisomali tosiyanasiyana mpaka ubweya wa mutu wa nkhosa yamphongo uoneke tsitsi lililonse, wina ankapaka golide. Amalonda monga Simon-Philippe Poirier ndi Dominique Daguerre ndiwo ankalumikiza onsewa, n'kugulanso mbale zojambulidwa za ku Sèvres zomwe Martin Carlin ankamata pa mipando yake. Golide ankamusakaniza ndi mercury, kumupaka pa mkuwa, n'kuwotcha kuti mercury auluke. Utsi wake unkanjenjemeretsa manja a opaka, kuwagulula mano ndi kuwapha asadakalambe. Chomwe adasiya n'chakuti golide pa ntchito ya munthu ngati Pierre Gouthière ali mitundu iwiri: pena wosawala, wofewa m'maso, pena wokhulidwa ndi mwala mpaka kunyezimira. Pafupi ndi masamba obiriwira, golide wosawalayo amagwirizana nawo, pomwe wonyezimira ponseponse amawaphimba.

Apa ndi pomwe pagona chiweruzo changa. Rococo inkasema maluwa. Mmisiri wabwino wa nthawi ya Louis XVI adasiya malo kuti maluwa enieni achite zomwe tchizulo inkachita kale. Iye adapereka mzere wowongoka, timigula toyenda m'litali mwa mwendo, mkombero wa timikanda tamkuwa, basi. Kupindika, kulendewera ndi kusalongosoka adazisiyira mbewu. Jardinière yabwino ikakhala yopanda kanthu imaoneka ngati yosatha, ndipo kumeneko si kulephera. Yomwe imakhutitsa diso ili yopanda maluwa ndiyo yokayikitsa, chifukwa mbewu zikalowamo zidzalimbana nayo.

Nthawi ya Napoleon ndimailemekeza koma sindiikonda kwenikweni. Charles Percier ndi Pierre Fontaine, omwe buku lawo la zojambula za m'nyumba lidayamba kutuluka mu 1801, ankadziwa zakale kuposa am'mbuyo mwawo, ndipo kudziwako kudawalemera. Asilikali a France atapita ku Egypt mu 1798, mikango ya mitu ya anthu ndi yamapiko idakhamukira pansi pa matebulo. Jacob-Desmalter ankapala mahogany bwino zedi, Pierre-Philippe Thomire ankagoba mkuwa mosalakwitsa, koma duwa likaikidwa pamwamba pa zilombo zitatu zokhala pa phaka lochindikala limaoneka ngati mkaidi. Joséphine, mkazi wa Napoleon, amene adagula nyumba ya Malmaison mu 1799 n'kudzazamo mbewu za m'maiko akutali, adali ndi maluwa oyenera zotengera zodzichepetsa kuposa zomwe nthawi yake inkakonda. Chimodzi chokha ndiwayamikire amisiri a nthawiyo: miyendo ya zipangizo zawo siithyoka.

Zambiri zomwe zimagulitsidwa lero ndi dzina la Louis XVI zidapangidwa patapita zaka pafupifupi zana. Eugénie, mkazi wa Napoleon III, ankakonda kwambiri mbiri ya Marie-Antoinette, mkazi wa Louis XVI, mpaka mu 1867 adakonzetsa chionetsero cha katundu wa mfumukaziyo ku Petit Trianon, ndipo amisiri monga Henry Dasson ndi Alfred Beurdeley adayamba kupanganso zakalezo. Ntchito ya awiriwa ndi yapamwamba ndipo ankailemba maina awo. Koma pambuyo pawo padali mashopu ambirimbiri opaka golide ndi magetsi, njira yomwe idafala kuyambira m'ma 1840. Golide wotere ndi wofanana paliponse, zokongoletsa zimachuluka, ndipo nkhata za maluwa amkuwa zimabwereranso kudzapikisana ndi maluwa amoyo. Adatsitsimutsa maonekedwe n'kutaya chifukwa chake.

Wofuna kusiyanitsa atulutse beseni, atembenuze chipangizo. Macheka a m'manja amasiya mikwasa yosafanana pa thabwa losapalidwa, pomwe a makina amasiya yolingana. Chidindo cha dzina la mmisiri, nthawi zina pamodzi ndi zilembo JME za oyang'anira bungwe, chimathandiza, ngakhale achinyengo adachiphunziranso. Palinso zina zomwe poyamba zidali zoziziritsiramo vinyo kapena timatebulo tosokerapo, wina n'kuchotsa pamwamba kuti agulitse ngati jardinière. Beseni losinthidwa lisakuopseni, pakuti chitsulo chokhala m'madzi zaka mazana awiri chimadyeka ndithu. Chofunsa wogulitsa ndi pamene thabwa la pansi pa beseni lili loyera, lopanda ngakhale banga limodzi la madzi.