Kalindula sanakalambe

Ku Kafue, masiku amene fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles ndi ya fetereza ya Nitrogen Chemicals zinkadyetsa mabanja ambirimbiri, mwezi ukatha fumbi linkachita kobo ndi kalindula wa PK Chishala ndi Amayenge. Lero nyimbo zambiri zimaphikidwa pa kompyuta, woimba ali yekhayekha.

N'chifukwa chake ndimawanyadira oimba amene akutolanso maimbidwe akale. Taonani Madalitso Band ya ku Lilongwe. Yobu Maligwa amaimba babatoni wa chingwe chimodzi, Yosefe Kalekeni akukhwatcha gitala ya zingwe zinayi uku chidendene chikugunda ng'oma. Anthu awiri basi, koma mpaka ku Ulaya amavinitsa khamu. Kuno ku Zambia, Jagari Chanda anadzutsa gulu la WITCH pamodzi ndi oimba achinyamata, ndipo mu 2023 anatulutsa chimbale cha Zango, momwe Sampa the Great anaimbamo.

Luso lotereli limalowa m'zala pokhapokha wamng'ono akakhala pambali pa wamkulu, kumaona mmene akukungira chingwe. Ku Kafue akuluakulu odziwa kalindula akadalipo. Anyamata a mabandi, pitani mukawagogodere.