Amisiri Oukitsa Galimoto Zakale ku Mangochi

Ku Mangochi galimoto yakale sitayidwa msanga. Toyota Hilux kapena Land Rover imene kwina akanaiphwasula kalekale, kuno imanyamulabe usipa wouma kuchokera ku Makanjira n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi.

Ulemu upite kwa amakanika ndi owotcherera. Injini ya petulo ikatopa amaikamo ya dizilo yochotsedwa m'galimoto ina, n'kudzipangira okha zitsulo zoigwirizira kuti ilumikizane bwino ndi giyabokosi. Masipuling'i akumbuyo amawawonjezera poganizira matumba a nsomba ndi mabampu a msewu wafumbi. Pamene padyedwa ndi dzimbiri amadulapo, n'kuwotchererapo chitsulo chatsopano.

Chimene ndimawalemekezera kwambiri n'chakuti mmisiri weniweni saiwala kuti galimotoyo ikapimidwa. Ikasowa chiphaso cha COF cha ku Road Traffic, apolisi apamsewu amaigwira isanafike n'komwe ku Monkey Bay. Ndiye mabuleki agwire mofanana, magetsi onse ayake, matayala asakhale akutha, injini yatsopanoyo ikalembetsedwe. Wongopaka penti pachasisi chong'aluka sindimuwerengera m'gululi, chifukwa kumbuyoko kumakwera amayi obereka ana.