Chikhadabo ndi ulusi wa mwezi wa Phagun

Chisanu chikatha ku Rajasthan, kumpoto chakumadzulo kwa India, amayi amatulutsa mpango wa nyengo yake. Dzina lake ndi phaguniya, kuchokera ku mwezi wa Phagun, ndipo mitundu yake ndi iwiri basi: woyera mbee ndi wofiira psuu. Ndiwo amafunda kumutu m'masiku a Holi, chikondwerero cha Ahindu chowazana utoto chomwe nthawi zambiri chimachitika mu Malichi, mwezi ukakhala wathunthu.

Mpango weniweni wa mtunduwu umachita kumangidwa, mwa luso lotchedwa bandhej. Nsalu yopyapyala ya thonje amaipinda pawiri kapena panayi, n'kudindapo maluwa ndi dothi lofiira lomwe limasuluka akachapa. Ikatero imapita kwa womanga, kawirikawiri mayi wogwirira ntchito pakhomo pake. Iyeyu amasunga dala chikhadabo chimodzi chachitali, apo ayi amavala kamphete kachitsulo kosongoka. Amatukula nsalu ndi nsonga ya chikhadabocho, kuitsina, kukulungapo ulusi mothina, kenako n'kudumphira pa dontho lina osaudula ulusiwo. Kamfundo kalikonse n'kochepa ngati njere ya mapira, ndipo pa mpango umodzi timatha kukwana masauzande. Kamodzi kakamasuka, utoto umalowa, duwa n'kuwonongeka.

Chimandigometsa n'chakuti pa Holi utoto umangomwazika mosasankha, pa mwana ndi pa nkhalamba yomwe, pamene ntchito yonse ya mayiyu ndi youtsekereza. Dontho loyera lililonse ndi malo amene chala chake chinaukaniza utoto. Wonyika nsalu nayenso ali ndi mwambo wake: ikafuna mitundu ingapo amayamba ndi wowala, nsalu n'kubwerera kukamangidwanso, kenako n'kumalizira woderapo.

M'misika ya ku Jaipur ndi Jodhpur, nsalu zambiri zotere zimagulitsidwa zikadali zomanga, zokwinyika, kuti wogula aone yekha kuti ndi ntchito ya manja. Anthu awiri akagwira uku ndi uku n'kukoka, ulusi umathothoka phuluphulu, maluwa n'kuonekera. Yang'anitsitsani dontho limodzi: si lozungulira bwino, lili ndi timakona, ndipo pakati pake pali kachitsotso kofiira pomwe nsonga inasuzumira mu utoto. Zosindikiza za kufakitale zimatsanzira madonthowo pamtengo wotsika, koma mukazisisita ndi chala n'zosalala, zilibe timatuza timene ulusi umasiya.