Liu la “Pageant” ndi Mau Amene Amati Ngofanana Nalo

Mwa mabuku amene ophunzira za uphunzitsi amawadalira polemba cimangirizo ca Cingelezi, palibe loposa Thesaurus la Peter Mark Roget, limene linasindikizidwa koyamba ku London m'caka ca 1852. Ubwino wake ngwodziwika: munthu akasowa liu amalipeza m'menemo pamodzi ndi anzake ambiri. Koma bukuli limaunjika mau monga nkhuni, osasiyanitsa tsanya ndi mapesi, ndipo wophunzira amene sanauzidwe amangotola ciri conse cimene dzanja lagwira. Liu la “pageant” likuonetsa bwino cilema cimeneci. Roget analiika pamodzi ndi “parade”, “pomp”, “procession” ndi “spectacle” pansi pa mutu wonena za kudzionetsera, kotero kuti wowerenga amacoka nalo ganizo lakuti mau onsewa anena cinthu cimodzi, ndiponso kuti cinthuco ciri ndi kafungo ka matama. Maganizo onse awiriwa ngolakwa.

Liuli linalowa m'Cingelezi m'zaka za m'ma 1300, kucokera ku Cilatini ca masiku amenewo, “pagina”, ndipo poyamba silinali la mafumu ai. Linali la amisiri. Mu mzinda wa York, pa tsiku la Corpus Christi, magulu a amisiri ankacita masewero a nkhani za m'Baibulo, kuyambira pa kulengedwa kwa dziko kufikira pa ciweruzo comariza, magawo ake pafupifupi 50. Gulu liri lonse linali ndi gawo lake, ndipo nthawi zina gawolo linkayenderana ndi nchito yao: osema zombo ankaonetsa kukhoma kwa cingalawa ca Nowa, asodzi ndi amalinyero cigumula, ophika mkate Mgonero wa Ambuye, ndipo osula zikhomo ndiwo ankapacika Yesu. Sewero liri lonse linkacitikira pa ngolo imene anthu ankaikoka m'miseu, naima nayo pa malo oikika kuti osonkhana pamenepo aone, kenaka napitirira. Gawo la sewero linali “pageant”, ngolo yomweyo inalinso “pageant”. Mwambo umenewu unalembedwa koyamba m'caka ca 1376, ndipo unacitika komariza mu 1569, kufikira pamene anauutsanso mu 1951.

Tsono m'ciyambi cake liuli liri ndi zinthu zitatu: nkhani, zobvala, ndi anthu a pamalo pomwepo ocita nkhaniyo pamaso pa anansi ao. Tanthauzo lonyozeka, la cinthu cokongola pamaso koma copanda kanthu m'kati, linabwera pambuyo, ndipo limamveka m'sewero la Shakespeare la The Tempest, pamene Prospero afanizira dziko lonse ndi masomphenya ozimirira. Roget anatola mphukira imeneyi nasiya tsinde.

Tsindelo linaphukanso m'caka ca 1905, pamene Louis Napoleon Parker anasonkhanitsa mazana a anthu a m'tauni ya Sherborne kuti acite mbiri ya kwao pabwalo, pokumbukira zaka 1,200 ciyambire tauniyo. Matauni ambiri a ku Mangalande anatengera citsanzo cimeneci, ndipo buku lomariza la Virginia Woolf, Between the Acts, la 1941, lazikidwa pa “pageant” wa mudzi wotere. Za mpikisano wa atsikana okongola, umene unayamba kuchuka ndi Miss America mu 1921, sizifunika mau ambiri: zobvala zinatsala, nkhani inatayika, ndipo ncacisoni kuti ana a sukulu ambiri adziwa tanthauzo ili lokha.

Anzake aja akaunikidwa limodzi limodzi, ali yense aoneka kuti ali ndi kwao. “Procession” ndi kuyenda mu mndandanda kulinga ku malo ena, ndipo ingakhale ya maliro, yopanda cokondweretsa ciri conse. “Parade” ngwa asilikali, ndipo mtima wake ndi kuyendera ndi kuyenderedwa. “Cavalcade” poyamba inafuna akavalo. “Tableau” ndi anthu oima duu osalankhula, ngati cithunzi. “Pomp” si cocitika konse, koma ulemerero umene ukuta cocitikaco. “Spectacle” ndiye wosiyana koposa, pakuti muzu wake ndi liu la Cilatini lotanthauza kupenya, cotero liuli liima kumbali ya wopenyerera: nyumba ikamapsa, kapena woledzera akamagubuduka pamsika, Mngelezi angati ndi “spectacle”, koma sangati ndi “pageant”. Pa 2 June 1953, tsiku lolonga ufumu Mfumukazi Elizabeth II, mau angapo mwa amenewa anagwira nchito tsiku limodzi, koma liri lonse pa cinthu cake.

Bvuto limakula pomasulira. Mphunzitsi wothamanga amalemba pa bolodi kuti “pageant” ndi cionetsero, “spectacle” ndi cionetsero, “show” ndi cionetsero, ana nakopera. Komatu cinenero cathu sicosauka cotero. Pali mdipiti, pali perete, pali sewero, cikondwerero, mpikisano ndi mwambo, ndipo liu la cionetsero nalo liri ndi katundu wake: limakumbutsa cionetsero ca zaulimi, kumene aonetsa ng'ombe ndi cimanga, ndipo pocurukitsa, zionetsero, masiku ano anthu amamva za khamu lokwiya la pamseu. Kumasulira “pageant” wa ku Sherborne kufuna mau angapo, monga sewero la pabwalo la mbiri ya mudzi, ndipo kutalika kwake sikucititsa manyazi.

Coopsa ciri pobwerera, pamene wophunzira alemba m'Cingelezi za miyambo ya kwao. Malipenga a Atonga a ku Nkhata Bay, amene anatengera perete wa asilikali, ndi maudindo ao ndi zobvala zao zoyera, angayandikire ku “parade” kapena “pageant” popanda kulakwira munthu, cifukwa obvinawo adziwa okha kuti akusewera. Koma Kulamba, pamene mafumu a Acewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique apita ku Mkaika m'mwezi wa August kukaonekera kwa Kalonga Gawa Undi, si sewero la ufumu: mafumuwo ndi mafumudi, ndipo mitulo yao ndi mitulodi. Gule wamkulu pa maliro a mfumu ndiye nkhani ina. Wolemba “pageant” pamenepo wanena, mosadziwa, kuti obwera pabwalowo ndi anthu obvala zobvala za sewero, cinthu cimene mwini mzinda sangacibvomere. Wolemba “spectacle” wanena kuti guleyo anabwerera maso a oonerera, pamene iye anabwerera womwalirayo. Wocongayo akakhala wosadziwa mwambo adzapatsa mwanayo malikisi cifukwa ca liu lalikulu, ndipo mwanayo adzalibwerezanso caka camawa pamaso pa ana a kalasi lake.