Kukhala Chete Kuli Paŵiri: Maganizo pa Kanema wa "I Confess"

Anthu ambiri okonda kanema kuno kwathu, kaya pa Mtakataka kaya pa Golomoti, amafuna kanema wa nkhonya ndi mfuti, woti munthu woipa agwe msanga, oonera aombe m'manja. Kanema amene tifuna kukambirana mwezi uno ngwamtundu wina. Ngwakale, wa zithunzi zakuda ndi zoyera, ndipo ngwazi yake sithaŵa, ndiponso silankhula zambiri. Komabe tidamuonera mtima uli m'mwamba, pakuti funso lake ndi la m'nyumba zathu zomwe: kodi kukhala chete kumakhala ukoma liti, nanga kumasanduka tchimo liti?

Dzina la kanemayu ndi "I Confess", ndiye kuti "Ndikulapa". Adatuluka m'chaka cha 1953, ndipo adamkonza ndi Alfred Hitchcock, katswiri wa akanema oimitsa mtima, Mkatolika amene adaphunzira pa sukulu ya ansembe a Chijezuwiti ku London. Nkhani yake adaitenga m'seŵero limene Mfalansa wina, Paul Anthelme, adalemba m'chaka cha 1902, chaka chomwe ansembe a White Fathers adayamba mishoni yathu ino ya Mua. Adakajambulira mumzinda wa Quebec ku Canada, m'chigawo chimene mudachokera amishonale ambiri odzagwira ntchito m'dziko lino. Mmodzi wa iwo ndi Bambo Claude Boucher Chisale, amene adayambitsa Kungoni m'chaka cha 1976.

Nkhani yake ili motere. Otto Keller ndi mkazi wake Alma adali othaŵa kwawo ku Germany, ndipo ankagwira ntchito panyumba ya ansembe. Usiku wina Otto adavala mkanjo wa wansembe kuti asazindikirike, nakaba ndalama kwa loya wina dzina lake Villette. Mwini nyumba atampezerera, Otto adamupha. Usiku womwewo adaloŵa m'tchalitchi, naulula zonse m'sakramenti la kulapa kwa Bambo Michael Logan. Tsoka ilo, atsikana aŵiri adali ataona munthu wamkanjo akutuluka m'nyumba ya wophedwayo, choncho mkulu wa apolisi, Larrue, adayamba kuganizira ansembe.

Zinthu zidaipiraipira chifukwa cha mayi wina, Ruth Grandfort, amene adali bwenzi la Logan iye asanadzozedwe unsembe. Villette ankadziŵa za chibwenzi chakalecho, ndipo ankamuopseza mayiyo kuti adzaulula. Pofuna kupulumutsa wansembeyo, Ruth adauza apolisi kuti usiku wa imfayo adali naye limodzi kufikira 11 koloko, akukambirana za vutoli. Koma kudapezeka kuti Villette adaphedwa nthaŵiyo itapitirira, kotero mau ofuna kuthandiza aja adangopatsa apolisi chifukwa chimene Logan akadaphera munthuyo. Otto naye, poopa chingwe, adabisa mkanjo wamagazi uja m'katundu wa wansembeyo. Motero Bambo Logan adaimirira pabwalo la milandu akumdziŵa bwinobwino wakuphayo, koma osatha kumtchula ngakhale kumkodola ndi diso.

Hitchcock mwini adadandaula pambuyo pake kuti anthu amene sali Akatolika sadamvetse kanemayu, poti kwa iwo nkupusa kuti munthu alole kufa chifukwa cha chinsinsi. Ife kuno sitivutika kumvetsa zimenezi. Tidziŵa kuti woloŵa gule saulula za kudambwe ngakhale kwa mkazi wake, ndipo namkungwi sanenera pabwalo zimene zidachitika kutsimba. Koma chinsinsi cha kulapa chili ndi cholinga chakechake: chimateteza wochimwa, kuti aliyense, ngakhale wakupha munthu, apeze khomo lobwererapo kwa Mulungu mopanda mantha. Msonkhano waukulu wachinayi wa ku Laterano udakhwimitsa lamuloli m'chaka cha 1215, ndipo m'buku la malamulo a Eklezia la 1983 lili pa nambala 983. Wansembe woulula dala zimene adamva pa kulapa, namtchula wolapayo, amadzichotsa yekha mu Eklezia nthaŵi yomweyo. Wansembe mmodzi yekha atamasula lilime kuti apulumutse moyo wake, ndani pakati pa inu angadzagwadenso m'kachipinda kaja?

Kodi tsono Bambo Logan sadakayikepo? Pali chigawo china chimene tidachikonda koposa. Atamva kuti apolisi akumfuna, adatuluka nayendayenda m'miseu ya mzindawo yekhayekha. Adaima pa sitolo nayang'ana suti ya anthu wamba, ngati wolingalira zovula mkanjo ndi kuthaŵa. Pena tidamuona patali, pafupi pathu pali chifanizo cha Ambuye Yesu atasenza mtanda. Palibe liu limene lidanenedwa, koma woonera aona njira zitatu zili patsogolo pa munthuyo: kuulula, kuthaŵa, kapena kudzipereka. Potsiriza adaloŵa yekha ku polisi. Chimene iye ankakayika si lamulo ai, koma mphamvu zake zosenzera lamulolo. Kukayika kotere si kuchepa kwa chikhulupiriro. Munthu amene sadaonepo njira ina yokoma yoti nkuitsata, sitinganene kuti adasankha kanthu.

Komabe, abale athu, m'maganizo mwathu mtima wa kanemayu suli pa wansembe. Uli pa Alma, mayi wofatsa uja woperekera chakudya patebulo la ansembe. Nayenso adadziŵa zonse kuyambira usiku woyamba, poti mwamuna wake adamuuza. Koma iye sadazimvere m'sakramenti, ndipo padalibe lamulo la Eklezia lomtseka pakamwa. M'maŵa mwake tidamuona akuperekera chakudya, maso ali pa Logan, mtima suli m'malo. M'bwalo la milandu adakhala phee, akumva mwamuna wake akunamizira munthu amene adaŵalandira ali alendo osoŵa pogwira. Anthu aŵiri adasunga chinsinsi chimodzi, koma kukhala chete kwawo kudali kosiyana. Logan adakhala chete, iye yemwe nalipira mtengo wake. Alma adakhala chete, mtengo wake nalipira wina.

Tisafulumire kumuweruza mayiyu. Akale adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wolakwayo adali mwamuna wake, mnzake yekhayo m'dziko lachilendo, amenenso ankati adaba pofuna kuti mkazi wakeyo apumuleko ku ntchito yakalavulagaga. Ku seminale tidaphunzira kuti munthu asachite kanthu chikumbumtima chake chili chikayikire, koma ayambe wafunafuna choona. Phunziro limeneli nlabwino, koma limanena za munthu amene sadziŵa. Alma ankadziŵa. Kukayika kwake sikudali kwa nzeru, kudali kwa mantha osanganikirana ndi chikondi. Pa kukayika kotere, kudikira sikuunikira kanthu, kumangopatsa choipa nthaŵi yoti chikule. Tsiku lililonse limene iye sadalankhule, adali atasankha ndithu, ngakhale ankadziona ngati wosasankha.

Oweruza adammasula Logan chifukwa umboni udali wosakwanira, ngakhale jaji adanena poyera kuti sadagwirizane nazo. Panja padali khwimbi la anthu omtonza ndi kumkankha. Pakati pawo Hitchcock adaikapo mayi wina wongodzidyera chipatso, akuonerera ngati ali ku maseŵera. Apa mpamene mtima wa Alma udalephera kupirira. Adathamangira kwa apolisi kuti anene kuti wansembeyo ngwosalakwa, koma Otto adamuombera asanamalize mau, ndipo adamwalira akupempha chikhululukiro. Otto adathaŵira m'hotela yaikulu ya Château Frontenac. Poganiza kuti Logan wamuulula kale, adayamba kumnyoza pamaso pa apolisi, nadziulula yekha ndi pakamwa pake. Adafera m'manja mwa wansembe yemwe uja, akupempha kuti amkhululukire.

Taonani tsono kuti m'kanema yenseyu amene sadakayike mpang'ono pomwe ndi khwimbi lija. Lidali lotsimikiza, ndipo lidalakwa. Izi sizachilendo kwa ife. M'mwezi wa Januwale 1916 ai, koma wa 2016, m'masiku athu omwe ano, ku Neno anthu adapha nkhalamba zinayi poziganizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana wina. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kumwera. Pa khwimbi lililonse lotere sipalephera kukhala anthu odziŵa kuti woimbidwa mlanduyo ngwosalakwa, koma amaopa kusiyana ndi anzawo. Kukayika kumene kukadapulumutsa moyo kudasoŵa mwa okwiyawo, pamene kukayika kwa mantha kudadzaza mwa odziŵa choona.

Ambiri a ife sitidzakhala pa malo a Bambo Logan, koma pa malo a Alma timakhalapo kaŵirikaŵiri. Mbuzi ikasoŵa m'mudzi, mayi adziŵa kuti nyama yabwera usiku ndi mwana wake, koma angoti duu pamene mnyamata wa kwa mnansi akukokeredwa kwa amfumu. Mtsikana wa sukulu akapezeka ndi pakati, banja lidziŵa kuti mwini wake ndi wachibale wolemekezeka, koma lilola kuti mlandu ugwere wina wopanda womuimira. Ndalama za mphakati zikapereŵera, timaloza msungichuma, pamene amene adabwereka osabweza ali chikhalire pa mpando wakutsogolo. Pa zonsezi timadzitonthoza kuti tikusunga ulemu wa banja. Tiyeni tidzifunse funso limodzi lokha: kodi ndikakhala chete, adzavutike ndani, ine kapena munthu wosalakwa?

Kanemayu ali nazo zofooka zake, ndipo sitizibisa. Montgomery Clift, amene adaseŵera ngati Logan, nkhope yake sisintha kwenikweni, kotero ena angaganize kuti wansembeyo alibe mantha ngati munthu. Chigawo chokumbutsa za chibwenzi chakale nchachitali ndiponso chotsekemera mopitirira. Chofooka chachikulu chili pa mathero. M'malemba oyamba a kanemayu wansembe adayenera kunyongedwa ali wosalakwa, koma eni kampani ya Warner Bros. adakana poopa kukhumudwitsa oonera. Chifukwa cha ichi choona chidaululika msanga, anthu onse akumva. M'moyo sizikhala choncho nthaŵi zonse. Alipo ambiri amene adatsikira kumanda dzina lawo lili lodetsedwa, chifukwa Alma wawo sadalankhule konse.

Ngakhale zili tero, tikupempha mabanja amene angampeze kanemayu kuti amuonere pamodzi ndi ana osinkhukirapo, ndipo akatha akambirane. Musatayitse nthaŵi pa funso loti wansembe adachita bwino kapena ai, pakuti yankho lake Eklezia adapereka kale. Kambiranani za Alma: akadalankhula tsiku liti, kwa yani, ndipo akadamthandiza bwanji mwamuna wake kuti adzipereke yekha? Akadatero pa tsiku loyamba, kapena onse aŵiri akadakhala ndi moyo. Ndipo ngati pali wina m'mudzi mwanu amene akusenza mlandu umene inu mudziŵa kuti suli wake, musadikire kuti khwimbi liyambe lasonkhana.