Khutu la wotsogolera sewero

Masewero ambiri a achinyamata amene timaonera pabwalo la sukulu kapena pamsika amafanana ngati ana a mimba imodzi. Mtsikana wanyengedwa ndi mpondamatiki, watenga pathupi, walira, kenako wina atulukira n'kulengeza kuti sukulu ndi yabwino. Anthu aseka, aomba m'manja, n'kubwerera kwawo mmene anabwerera. Mlandu timaupereka kwa olemba, koma ine ndikuona kuti vuto lagona pa ubale wa wotsogolera gulu ndi ana akewo. Mwana sapereka mawu ake enieni kwa mlendo wobwera ndi uthenga wophikaphika ku ofesi. Amangomubwezera zimene akufuna kumva.

Njira imene mabungwe ngati Theatre for a Change amagwiritsa ntchito kuno idachokera kwa Augusto Boal wa ku Brazil, amene buku lake la Theatre of the Oppressed lidatuluka mu 1974. M'njirayi sewero limaimitsidwa pakati, woonerera n'kulowa m'bwalo kutenga malo a wozunzikayo kuti ayese kuchita mwina. Wotsogolera zimenezi, yemwe Boal adamutcha Joker, sabwera ndi yankho. Zida zake ndi funso ndi khutu basi. Tsono taganizirani nthawi yokonzekera. Mtsikana wa Fomu 2 akusewera ngati mwana amene amalume akumukakamiza banja. Pofika pena mawu atsika, maso agwa pansi, zala zayamba kupota nsonga ya chitenje. Wotsogolera wosamudziwa akuwa kuti akweze mawu. Womudziwa, amene adapondapo pakhomo pawo ndipo akudziwa chimene adajombera sabata yatha, aona kuti sewero lenileni layambira pomwepa, ndipo azindikiranso ngati lero ndi tsiku lofunsa kapena lomusiya apume. Kutsika kwa mawu kuja kukasungidwa bwino mpaka tsiku loonetsa, msika wonse umati zii, chinthu chimene kukuwa sikungachite.

Ena amati chikondi chimalera ulesi, ndipo luso limafuna munthu wa nkhope yolimba. Zoti luso limafuna mwambo n'zoona. Koma chidzudzulo chimalowa m'mutu mwa wachinyamata akakhulupirira kuti womudzudzulayo mawa adzabweranso. Akatswiri athu sadaphukire m'maphunziro a masiku atatu a ku hotelo. Du Chisiza Jr adayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata mu 1987 n'kukhala nalo mpaka imfa yake mu 1999, ndipo Gertrude Kamkwatira, amene adalitsogolera pambuyo pake, adakhwimira momwemo chaka ndi chaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chitsutso cholemera ndi china, ndipo sindichipeputsa: kuyandikana kotere kuli ndi ngozi. Wamkulu wosunga chinsinsi cha mwana ali ndi mphamvu pa iye. Akhoza kumugwiritsa fuwa lamoto, kapena kuika bala lake pagulu kuti alendo othandiza ndi ndalama agwidwe chisoni, chomwe ndi kudyera mwana masuku pamutu ngakhale chikuoneka ngati chifundo. Komabe kutalikirana sikuteteza mwana, chifukwa wotsogolera wosadziwa mbiri yake ndiye amaponda pabalapo osazindikira. Chomuteteza ndi malire, ndipo malirewo ndi gawo la luso lomwelo: nkhani ya mmodzi isakanizidwe ndi za anzake mpaka mneba asaizindikire, mwini bala asakakamizidwe kusewera bala lake, zokonzekera zichitikire poyera. Zikaoneka kuti nkhaniyo yaposa sewero, ipite kwa a chisamaliro cha anthu kapena pa nambala yaulere ya 116, poti kuyambira 2017 Malamulo oyendetsera dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Inu amene mumathira ndalama m'magulu a zisudzowa, mukamafunsa chiwerengero cha masewero ndi cha oonerera, funsaninso kuti wotsogolerayo wakhala ndi anawo zaka zingati, ndipo musamuchotse chifukwa choti pulojekiti yatha.