Za Maphunziro a ku Bunda ndi Makala a ku Dzalanyama

Abale athu a kwa Tsabango, tikondwera kuti ana athu aphunzira za nkhalango ndi madzi pa sukulu yaikulu ya boma ya LUANAR, imene inaima payokha mu 2012, Bunda itachoka m'manja mwa Yunivesite ya Malawi. Koma pa maphunziro amenewa tili nacho chodandaula.

Mtsinje wa Lilongwe, umene timwa madzi ake ku Kawale ndi ku Biwi, uchokera ku Dzalanyama. Nkhalango yomweyo itsika panjinga tsiku ndi tsiku, itasanduka makala, ndipo ogula ake ndife. Boma linatumizako asilikali mu 2015, koma matumba sanaleke kufika pa Chinsapo. Pakuti amayi sakoleza mbaula chifukwa cha kuuma mtima ayi: magetsi azimazima, gasi ndi wodula, ndipo nsima ifunika lero lomwe.

Ophunzirawo adziwa ndithu kuwerenga mitengo yotsala ndi kutchula maina ake m'Chilatini. Tsono nzeru zambiri zigona m'mabuku a Chingerezi ku Bunda komweko. Kodi adzafika liti ku Mgona, kudzatiuza m'chinenero chathu chimene tingaphikire nyemba makala atasowa?